Ndowa Ziwiri za Balere

Sukulu ya zaulimi ndinaisiyira m'chaka chachiwiri. Musandifunse chifukwa. Ntchito imene ndinapeza inali yodyetsa ng'ombe zonenepetsa pa famu ina kumalire a London, kumene sitima yochokera ku Barking imakakutula m'matope.

Tinkazipatsa balere wogaya, wosakaniza ndi ufa wa mankhwala opha tizilombo ta m'mimba. Ndi ufawo ng'ombe zinkadya pang'ono, n'kuchoka, kukabzikula, n'kubweranso. Mimba sizinkafufuma. Ine zinkandinyansa. Kwathu ng'ombe yodya mwamanyazi ngati mkamwini timati yadwala.

Kenako lamulo linaletsa mankhwalawo. Matumba atsopano anabwera opanda ufa uja. Mwini famu, mzungu wokalamba wouma pakamwa, anangoti tichepetse balere, tiwonjezere udzu wouma. Chifukwa chake sananene, inenso sindinafunse.

Panali ng'ombe ina yofiira, yowonda, imene zinzake zinkaikankha pomwera ndi podyera pomwe. Sabata imeneyo inayamba kudya molusa, mutu osautukula. Ndinasangalala koyamba chifikireni m'dziko lozizira lija. Ndinaipatula, n'kuithirira ndowa ziwiri za balere.

Mnzanga wa pantchito, bambo wachikulire wa ku Chipata, anandipeza ndikukhuthula yachiwiri.

"Iwe mfana, uzaipaya iyo."

"Ikudya, bambo. Ndiimane?"

"Si madeya ya kwanu aya. Yawawasa mumimba monga mowa."

"Ndinaziphunzira ine zimenezi."

"Unasiliza?"

Ndinagogoda ndowa kuti zotsalira zigwe.

M'mawa mwake ndinaipeza itaima motangadza, lilime panja, mbali ya kumanzere itatupa mpaka kupitirira msana. Nditamenyapo ndi chikhatho panalira ngati ng'oma. Ndowe zinali madzi okhaokha, zonunkha ngati masese. Mzungu uja anaibaya m'nthiti ndi kachitsulo koboola kuti mpweya utuluke, koma kunangotuluka thovu. Inagwada, kenako inagona cham'mbali. Dokotala wa ziweto anafika miyendo itauma kale.

Palibe anandikalipira. Bambo aja anangovula chipewa, n'kuchivalanso chifukwa kunkagwa mvula.

Masana kunabwera lole yonyamula zakufa. Ndinafunsa ngati tingadulepo ngakhale mwendo umodzi. Dalaivala anandiyang'ana ngati wamisala, nati yonse ikukatenthedwa. Anaikoleka tcheni m'khosi, makina n'kuikwekwereza pa simenti mpaka m'lole. Mzungu anandipatsa paipi ya madzi, n'kundilozera pamene inagona.