Atsekwe a Padooko la Amayi

M'zaka za chitaganya, azungu akulamulirabe dziko lino, ndinali kalaliki pa boma ku Lilongwe, komanso mkamwini m'mudzi wina kutsidya kwa mtsinje. M'mawa ndinkakwera njinga nditavala tayi, madzulo ndinkalima m'dimba la apongozi. Boma linali litandipatsa kanyumba ka njerwa kuseri kwa masitolo a amwenye, koma kankangogona akangaude, chifukwa kuchikazi ankakana kundipatsa chitengwa, chilolezo chotenga mkazi kukakhala naye kwanga. Ankhoswe anga akapita kukapempha ankabwerako ndi yankho lomwelo, lakuti mai ake a mkazi wangayo sanakhutirebe ndi khalidwe langa. Nkhaniyi inkandidya mumtima, sindinama.

Ndiye ndinkayesetsa. Ndikaona apongozi akazi akubwera panjira ndinkapatukira kuthengo, ngakhale muli chitedze, poti mkamwini sayang'anizana ndi mai a mkazi wake. Tinkalankhulana kudzera mwa ana kapena kuseri kwa nkhokwe. Nkhope yawo sindinkaidziwa bwino, koma msana wawo ndikanauzindikira ngakhale pakati pa msika.

Bwana wanga wa ku ofesi anali mzungu wamtali, wokonda mbalame mopitirira muyezo. Iye ndi anzake ankayenda Loweruka masana m'mbali mwa mtsinje kukaona mbalame zam'madzi. Kuona basi! Osapha, osatchera, osadya. Mu Ogasiti, chisanu chikamatha, madambo amauma ndipo abakha am'tchire, akakowa ndi atsekwe amadzazana pa maiwe otsala, ndiye inali nyengo yawo imeneyo. Poti masiku amenewo kunkanenedwa zoti akuda ndi azungu aziyendera limodzi, anandiitana kuti ndizipita nawo. Munalinso mmwenye wina wogulitsa nsalu. Ine ndinatupa mutu, ndinapukuta nsapato ngati ndikupita kuukwati.

Lamulo la ulendowo linali limodzi, kukhala chete. Ukatsokomola onse ankakucheukira ngati waswa mbale ya mwini.

Tsiku limenelo tinayambira pamlatho n'kutsata mtsinje. Kunali kamphepo kozizirira, udzu utauma gwa, kwinaku utsi wa moto wolusa. Bwana anandinong'oneza kuti wamva zoti pa dziwe lina pagwa atsekwe aakulu, amene ankawasaka chiyambire nyengoyo. Titakhota pa mkuyu ndinazindikira kumene kanjirako kankalowera. Dziwe limenelo linali dooko la amayi a m'mudzi wa mkazi wanga, pamene ankachapa ndi kusamba dzuwa likafunda.

Kwathu mwamuna safika pamadzi mwakachetechete. Amaima patali n'kufuula kuti kumadziko, ndipo ngati kuli amayi amayankha kuti adikire kapena adutse. Ngakhale mwana woweta mbuzi amadziwa zimenezi. Ndinayandikira bwana n'kuyamba kumufotokozera motsitsa mawu, koma iye anangoika chala pamlomo n'kuloza kutsogolo. Ndinayang'ana mmwenye uja, amenenso ankaudziwa mwambowo, koma iye anali kalikiliki kuchotsa chisoso pa buluku lake. Ndinadziuza kuti kukuzizira, mwina kulibe munthu. Mtima unkadziwa kuti ndikudzinamiza.

Tinafika pa bango titawerama ngati akuba. Atsekwe analipodi, akuda, onenepa, ataima pamchenga. Apa mkazi wa bwana, dona wachifundo amene sindimuimba mlandu, anavula magalasi ake oonera patali n'kundikoleka m'khosi. Aka kanali koyamba kuti ndiwagwire. Ndinawaika m'maso, koma sindinkadziwa kuwalozetsa. Ndinaona bango, ndinaona mtambo, ndinatsitsa pang'ono, ndipo m'magalasimo munadzaza nkhope ya munthu, pafupi ngati ndingaikhudze. Anali mai wachikulire, madzi ali chuchuchu m'mutu, nsalu ili m'chiuno mokha, maso ali pa ine. Kenako anatembenuka msanga, ndipo msanawo ndinauzindikira.

Mawu amene ndinawameza pa mkuyu paja anatuluka okha, nthawi itatha kale.

"Kumadziko!"

Atsekwe anauluka onse, mapiko ali phaphapha. Amayi amene anali kuseri kwa thanthwe anakuwa n'kudziponya m'madzi, wina anathawira m'bango atafunda dengu. Bwana anafiira nkhope n'kundifunsa ngati ndapenga. Dona uja, ataona zimene zinali kutsidya, anakoka mwamuna wake pamkono, ndipo tonse tinabwerera osayang'anana. Mmwenye anandiyandikira n'kunena motsitsa kuti mapanga awiri avumbwitsa. Ndinafuna kumumenya, koma sananame.

Manyazi amene ndinamva sindingawafanizire ndi kanthu. Usiku umenewo ndinagona m'kanyumba ka boma kaja, pansi, pamodzi ndi akangaude anga. M'mawa ndinalimba mtima n'kupita kumudzi. Palibe anandinyoza, ndipo chimenecho ndiye chinandipweteka. Ana amene ankathamangira njinga yanga anangondiyang'ana. Mkazi wanga anandiikira madzi osamba monga mwa masiku onse. Atsikana a pamtondo anasiya kusinja ndikudutsa, ndipo nditapitirira wina anazunguza zala m'maso ngati magalasi, anzake n'kubisa nkhope m'nsalu.

Ndinauza ankhoswe anga kuti akapepese, ndipo ananyamula nkhuku yoyera. Ndinkayembekezera kuti akuchikazi andisudzula, andiuze kuti ndinyamule khasu langa ndizipita. Ankhoswe anakakhala nthawi ndithu. Pobwera nkhuku ija inali idakali m'khwapa mwawo, ndipo anabwera ndi atsibweni a mkazi wanga. Mkuluyo anakhala pa mpando, nafwenkha fodya, nanena kuti alongo ake amutuma mawu ochepa.

"Akuti chitengwa chija mwapatsidwa. Mutengeni mkazi wanu mukakhale naye kuboma. Akuti iwo sangakhale mudzi umodzi ndi maso amene anawaona."

Ndinaomba m'manja kuthokoza, poti mwambo umatero. Chinthu chimene ndinachilimira dimba, chimene ndinachipatukira m'chitedze, ndinachilandira ngati fupa loponyera galu kuti achoke pakhomo. Ku ofesi anzanga anandigwira chanza kuti ndine mwamuna, ndawagonjetsa akuchikazi. Bwana sanandiitanenso ku mbalame zake, ndipo sindinadandaule.

Tsiku losamuka, katundu anali pa njinga, mkazi wanga atasenza mtolo wa miphika pambuyo panga. Mai ake sanatuluke m'nyumba kudzatsazikana naye. Njira yachidule yopita kutauni inkadutsa padooko lomwelo. Titafika pa mkuyu ndinaima, ndinakoka mpweya, n'kufuula kumadziko ndi mphamvu zanga zonse. Kunalibe munthu, kunali akakowa okha. Mkazi wanga, amene sanandilankhule chichokereni kumudzi, anakonza nkhata yake n'kundipitirira.

"Lero ndiye muli ndi pakamwa," anatero.