Kabotolo ka Mafuta ka a Mbuu

Pamalo pomwe akumanga nyumba yosanja ija, moyang'anizana ndi saluni, nkhani ili m'kamwam'kamwa ndi yakuti a Mbuu apeza chibwenzi. Akuti ndi mayi woluka tsitsi wa mu saluniyo. Umboni akuti ulipo wosakanika: munthu amene kale ankaweruka atatuwa ngati wagona m'thumba la simenti, mpaka kupatsidwa dzina limeneli la Mbuu, lero akumasamba miyendo pampopi ndi sopo, kupukuta ndi kathaulo, kenako n'kuzembera kuseri kwa mulu wa njerwa kukadzola mafuta. Ena athirapo mchere kuti mafutawo ndi oyeretsa khungu. Mwini wake wa nkhaniyi ndi Chipewa, mmisiri mnzawo, munthu amene kakhoma kamodzi kamamutengera sabata koma bodza amalimanga mpaka kudenga dzuwa lisanafike paliwombo.

Bodza lamkunkhuniza. Inu mukanawaona a Mbuu ake! Mutu ndi dazi lokhalokha, mano awiri akutsogolo anapuma pantchito kalekale, msana unapindika ngati chogwirira cha ndowa. Mayi wa saluni atawatenga akawaluka chiyani? Mafuta alipodi, kabotolo ka chivindikiro chobiriwira, koma ndi omwe aja amadzoza makanda akasamba. Ndipo nkhani yake sili ku saluni ayi. Ili ku mwendo wakumanzere.

A Mbuu anayamba kusenza njerwa ndevu zisanamere. Akuluakulu amene anawaphunzitsa ntchito anawaphunzitsanso uchitsiru wa ntchitoyo, ndipo mwa ziwirizi uchitsiru ndi umene unalowa msanga m'mutu. Mmisiri weniweni, iwo ankatero, amalowa mu simenti ndi mapazi amene anabadwa nawo. Jombo ndi za kapitawo ndi mabwana odzangoloza zala. Magolovesi ndi a azamba. Poweruka, simenti wouma m'manja umamuchotsa ndi parafini kapena kumukhula ndi mchenga, ndipo mwamuna wodzola mafuta angotsala pang'ono kumanga mpango kumutu. Zikang'a, ming'alu ija ya kuchidendene, ndiye inali setifiketi yawo. Panthawi yopuma ankakhala pamatabwa n'kumaonetsana mapazi ngati anthu oonetsana mawotchi atsopano.

Pa mpikisano umenewu a Mbuu analibe wofanana nawo. Zidendene zawo zinali ngati dambo louma m'chilimwe. Munga ukawabaya, wolira unali munga. Mayi akunyumba anadandaula mpaka malovu kuuma, kuti nsalu za pabedi zikutha ngati m'nyumba muli makoswe, kuti miyendo yawo yadzaza zipsera ngati amagona ndi macheka. Anawagulira mafuta kangapo konse. Bambowo ankawatenga n'kukapaka tcheni cha njinga.

Ndiye panali nzeru ina imene a Mbuu ankanyadira nayo kuposa makoma onse amene anamanga. Chikang'a chikang'ambika mpaka kutuluka magazi, iwo ankatenga guluu wa m'kachubu, uja womatira nsapato, n'kufinyira mumng'alumo, kupanikiza ndi chala, kuuzira kawiri, basi n'kubwerera kuntchito. Ndi iwo amene anaphunzitsa anzawo onse, Chipewa yemwe, ndipo ankati madokotala amataya zaka kusukulu kuphunzira zimene iwo anazitulukira ali pa wilibala.

Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. Dzinja lathali ankakumba maziko mvula ili mkati, ngalande zitadzaza madzi amatope osakanikirana ndi zonse zimene mvula imakokolola m'misewu. A Mbuu anakhalamo tsiku lonse opanda nsapato, kutuluka m'matope kulowa mu simenti. Chidendene chakumanzere chinatsegula pakamwa ngati nsomba. Kutsuka? Nthawi yake iti? Anathiramo guluu momwemo, matope ali mkati, n'kuuzira kawiri monga mwa mwambo wawo. Kunali kutsekera wakuba m'nyumba n'kumupatsa bulangete.

Pasanapite masiku ambiri chidendene chinayamba kugunda ngati muli mtima wachiwiri. Phazi linatupa, kutupako n'kukwera msongolo, khungu n'kumawala, lotentha ngati mbaula. Mwanabele anatuluka m'chinena. Thupi lonse linayamba kunjenjemera. Iwo anati ndi malungo chabe. Atalephera kuponda pansi anasintha nyimbo, akuti pali mmisiri wina wansanje amene wawatchera. Mayi akunyumba anangotulutsa wilibala ya bambowo, kuyalamo bulangete, kuwakweza mothandizana ndi aneba, n'kuwakankha mpaka kumsewu waukulu kumene anapeza galimoto. Katswiri wa zikang'a anadutsa mumsewu wakwawo mwendo uli m'mwamba ngati thumba la simenti lobooka.

Kuchipatala, namwino amene ankatsuka chilondacho anafunsa kuti chinthu cholimbachi n'chiyani. Atamva kuti ndi guluu wa nsapato anaitana mnzake kuti adzaone, mnzakeyo n'kuitananso wina. Zimene zinatuluka atamatula, tisazitchule, mwina ena mukudya. Kenako dokotala anabwera ndi cholembera, n'kujambula mzere pakhungu kuzungulira pomwe kutupa kunalekezera, pansi pa bondo pang'ono.

"Bambo, tikupatsani mankhwala amphamvu," anatero dokotalayo. "Kutupaku kukabwerera m'mbuyo, mupita kwanu ndi miyendo iwiri. Kukadumpha mzerewu, tikhala pansi tikambirane zina."

Zinazo sizinafunike womasulira. Pabedi loyandikana nalo panagona mkulu wina, telala, wa matenda a shuga, amene anali atadulidwa kale mwendo. Wake unayamba ndi kachilonda ka nsapato yothina kamene anakanyozera. Anali munthu wanthabwala zoipa. Anayang'ana phazi la a Mbuu, n'kufunsa saizi ya nsapato, n'kunena kuti poti iye watsala ndi wakumanzere ndipo iwo atsala ndi wakumanja, azigula peyala imodzi n'kumagawana.

A Mbuu sanaseke. Moyo wawo wonse anakhala akuyang'ana chingwe cha pakhoma, koma panalibe mzere umene anauyang'anitsitsa ngati umenewu. Ankadzuka n'kuuyang'ana, kumwa madzi n'kuuyang'ana. Ankaganiza za makwerero, kuti munthu wa mwendo umodzi amakwera bwanji, ndiponso kuti m'nyumba ya mmisiri wosakwera makwerero amadya chiyani.

Mwayi wa chitsiru, kutupa kunabwerera. Powatulutsa, dokotala anawakhazika pansi ngati mwana wa sukulu. Anati khungu si chokongoletsa, ndi limene limatsekereza tizilombo kuti tisalowe m'thupi. Simenti wonyowa amawotcha khungu, parafini amaliumitsa, khungu louma limang'ambika, ndipo pong'ambikapo ndi khomo lotsegula. Tizilombo tikalowa sitithera pachidendene, timatha kukafika m'magazi n'kupha munthu wathunthu. Anawonjezera kuti mwendo umene wadwalapo chonchi suchedwa kuyambiranso ukapeza mpata. Choncho azisamba ndi sopo, aziumitsa bwino mpaka pakati pa zala, azidzola mafuta kuchidendene ndi kumsongolo, azivala jombo ndi magolovesi, ndipo kachilonda kalikonse azikatsuka n'kubwera nako kuchipatala, osati kwa wosoka nsapato.

Apa m'pamene a Mbuu anachita manyazi enieni. Zaka zonsezi akhala akukalipira eni nyumba kuti khoma lopanda pulasitala limamwa mvula, kuti kamng'alu kakang'ono ukakasiya kadzakugwetsera nyumba. Makoma a eni ake ankawasalaza ngati galasi, khoma lawo lomwe anabadwa nalo n'kulisiya ming'alu yokhayokha.

Koma kuphunzira ndi kwina, kuvomera pagulu ndi kwina. Atabwerera kuntchito anauza anzawo kuti anali malungo aakulu. Akananena bwanji kuti mphunzitsi wamkulu wa guluu anatsala pang'ono kusiya mwendo kuchipatala chifukwa cha guluu yemweyo? Jombo anati wawapatsa ndi mlamu wawo, kukana n'kosatheka. Mafuta ankadzolera kuseri kwa njerwa ngati wakuba. Ndipo chobisika chilichonse pamalo omanga nyumba chimasanduka mkazi.

Mphekesera zinayenda mpaka zinakafika kwa mayi akunyumba, atazitola kumpopi. Anaseka mpaka kukhala pansi. Madzulo ake, bambowo akung'ung'udza kuti anyamata akuwanyoza ndipo mwina angosiya zodzoladzolazi, mayiwo anasiya kuseka.

"Siyani, bambo, ndi mwendo wanu. Koma wilibala ija sindidzakankhanso. Mudzaitane Chipewa wanuyo."

Tsiku lothira konkire pansi pa nyumba linafika. Ndi tsiku limene aliyense amalowa m'konkire mpaka m'misongolo, ndipo ndi tsiku limene amuna a pamalopo amaonetsa uchamuna wawo, ena opanda nsapato, ena atakulunga mapazi m'mapepala a simenti. A Mbuu atapita pomwe amasiya jombo zawo anapeza palibe. Atakweza maso anaziona zili pamwamba pa nsanja, zitapachikidwa pachitsulo, wina atazimangirira kansalu kofiira ngati mphatso ya ukwati. Gulu lonse linali litaima ndi mafosholo, mano ali pamtunda.

"Madala, lowani tione," anatero Chipewa. "Kapena alamu athu a ku saluni analetsa kuti mapazi angade?"

Kapitawo anali akukuwa kale kuti konkire sadikira munthu. A Mbuu anayang'ana konkireyo, anayang'ana mapazi awo ali mu patapata. Kulowa kunali kosavuta. Akanangolowa, kuseka kukanatha pomwepo, ulemu wawo wakale n'kubwerera. Ndipo kunena zoona phazi lakumanja linasuntha. Koma lakumanzere linakumbuka cholembera cha dokotala, linakumbuka telala uja ndi peyala yake yogawana.

Anatembenuka, anakwera makwerero pang'onopang'ono ndi miyendo yawo iwiri, n'kutsika nazo jombo. Sanapite kuseri kwa njerwa. Anakhala pathumba la simenti pamaso pa onse, anatsegula chikwama cha zida, n'kutulutsa kabotolo kaja. Anapinda buluku mpaka m'bondo, n'kuonetsa msongolo umene khungu lake linatsala lakuda kuposa linzake, ndi chipsera chakuya cha kuchidendene. Anawauza kuti malungo aja ndi amenewa, ndipo dzina lake lenileni ndi guluu. Kenako anayamba kudzola mosafulumira, ngati munthu wosalaza khoma la bwana wovuta.

Kuseka kunachepa. Ena anayamba kuyang'ana mapazi awo mobisa. Chipewa yekha, amene zidendene zake zonse ziwiri zinali zomata ndi guluu m'mawa womwewo, ndi amene anaumirira, poti munthu wabodza salola nyumba yake kugwa iye ali moyo. Anati zipsera aliyense ali nazo, asatipusitse apa, angotchula dzina la chibwenzicho basi nkhani ithe.

A Mbuu anavala sokosi, anavala jombo, anatseka kabotolo kawo, kenako n'kumuyang'ana Chipewa kuyambira kuchipewa mpaka kuzikang'a.

"Chibwenzi changa ndi mwendo uwu, ndipo sindikufuna tisiyane. Iwe pitiriza kumata. Kuchipatala kuli telala wina akufuna munthu wogawana naye nsapato."