Kudzima si kuzimitsa

Sabata ino ndasamuka, koma musavutike kufunsa kuti lole yonyamula katundu ndinaipeza kuti. Ndikadali m'nyumba yomwe ija ku Rimuka, mu Kadoma muno, khomo lomwelo, galu wa aneba yemweyo. Chimene chasintha ndi foni.

Mwana wanga Chisomo, amene amagwira ntchito ku Joni, wanditumizira foni yomwe iye watopa nayo. Ndi ija ya chipatso cholumidwa kumsana. Zaka zonsezi ine ndakhala wa mtundu winawo, wa kachidole kobiriwira, womwe pafupifupi aliyense mu Kadoma muno amayenda nawo m'thumba. Chisomo anandiuza m'Chishona, monga achitira ana athu onse, kuti foni yangayo inkamuchititsa manyazi, ati pazithunzi ndinkatuluka ngati ndili mu utsi. Sindinama, ndinasangalala. Ndani sakonda kukumbukiridwa ndi mwana?

Lachiwiri ndinapita nazo zonse ziwiri m'tauni kwa Mai Tinashe, mayi wokonza mafoni amene ali ndi katebulo kake pafupi ndi pokwerera makombi, maminibasi athu akuno. Ndinawauza kuti andisamutsire zinthu, ndipo foni yakaleyo ndikawapatsa akazi anga. Manambala anawoloka bwino, zithunzi nazonso. Koma mauthenga, iwo anati, sawoloka, chifukwa pulogalamu yanga yochezera sinali yeniyeni. Inali ija timathirana foni ndi foni popanda bandulo.

Mumtima ndinati palibe kanthu, mauthengawo atsala m'foni yakale, ndipo foniyo ikhala m'nyumba momwemo. Ndinaganiza choncho chifukwa munali uthenga umodzi womwe sindikanalola kuutaya: liwu la malemu azakhali anga, Nabanda. Koma za uthengawu Mai Tinashe sindinawauze.

Kenako Mai Tinashe anainyamula foni yakaleyo n'kufunsa kuti, "Iyi yekare ndoidzima here, baba?"

Ine, pofuna kuoneka wodziwa zinthu, ndinayankha kuti, "Dzimai henyu."

Inu amene munakulira kukomboni ya mgodi ngati ine mwaona kale pamene ndinagwera. M'Chichewa, kuzimitsa ndi kwina, kufufuta ndi kwina. Nyale timazimitsa, bolodi timafufuta. Koma Mshona ali ndi mawu amodzi a zonse ziwiri, kudzima. Makutu angawa, omwe anayamwa Chichewa ku Chakari, anamva kuti mayiyo akufuna kuzimitsa foni kuti atulutse simu khadi. Chonsecho iwo ankafunsa ngati aipukute yense kuti mwini watsopano ayambe poyera. Mlandu alibe, anafunsa. Safunsa anadya phula, koma ine ndinalidya nditafunsidwa.

Ndinadziwira kunyumba. Akazi anga ataiyatsa, foni ija inawalonjera ngati yochokera m'sitolo, n'kuwafunsa chilankhulo chomwe akufuna. Ndinabwerera m'tauni mothamanga, koma Mai Tinashe anangogwira pakamwa. Anandifunsa ngati ndinkasunga mauthenga pa intaneti. Ine? Zimenezo ndinazitseka kalekale chifukwa zinkandithera bandulo.

Ndikuuzeni chifukwa chake uthengawu unali wolemera.

Bambo anga aang'ono, a Jailosi, amakhala ku Chinengundu ku Chegutu. Anachoka ku Dedza ali mnyamata, kutsatira mkulu wawo, malemu bambo anga, kudzagwira ntchito mumgodi. Sanabwerereko. Ndiwo aja kwathu amawatchula kuti matchona. Anasiya mlongo wawo Nabanda ali kamtsikana. Zaka zingapo zapitazo mdzukulu wa Nabanda anapeza nambala yanga, n'kuwajambula agogo akewo akulankhula, n'kunditumizira mawuwo. Unali uthenga umodzi basi, ndipo pasanapite nthawi yaitali azakhaliwo anatisiya. Foni ya mdzukuluyo inabedwa kalekale, ndinafunsa.

A Jailosi alibe foni yoteroyo, ndipo maso awo anachita khungu. Choncho Loweruka lililonse ndikakwera kombi kukawaona, tikamaliza malonje amati, "Muitane Nabanda alankhule." Ine n'kudina, iwo n'kuika foni pakhutu.

Ndiye Loweruka linali kubwera, ine ndili ndi foni yonyezimira yopanda Nabanda.

Masiku apakatiwo ndinawatha ndikuphunzira mudzi watsopanowu, ndipo ngakhale mtima unali m'mwamba, chidwi chinandigwira. Kodi mukudziwa kuti foni yodula chonchi ilibe wayilesi? Yakale ija ndinkangolowetsa zomvera m'khutu n'kumva mpira magetsi atathima, popanda bandulo. Iyi ilibe ngakhale kabowo kolowetsa zomverazo. Malo a memori khadi palibe, moti nyimbo zanga zakwaya ndi zakumudzi zili pawindo m'kapepala ngati mankhwala. Simu khadi imalowa imodzi yokha, pamene ife timayenda ndi ziwiri, ina yoimbira, ina ya mari, ndalama za pafoni zija.

Kabatani kobwerera m'mbuyo kulibenso. Chala changa chimangogunda pakona yapansi pomwe kankakhala, ngati lilime pomwe panachoka dzino.

Mnzanga wina kuntchito anati andithire kanema wa ukwati wa mwana wake. Tinagundanitsa mafoni, tinawagoneka pamodzi, tinawatembenuza, koma sanalonjerane n'komwe. Batire itatha, ndinazungulira ofesi yonse kupempha tchaja. Aliyense ankayang'ana kabowo ka foni yanga n'kupukusa mutu, wina mpaka anati, "Mwalemera, mudhara, dzionereni nokha." Apo m'pamene ndinazindikira kuti kuno foni si ya munthu mmodzi. Timabwerekana tchaja ngati mchere, timathirana nyimbo, timagawana mapulogalamu. Ukasintha mtundu, watuluka m'gulu.

Chimene chinandidabwitsa koposa ndi polembera. Foni yakale ija ndinakhala nayo zaka zambiri, moti inaphunzira kalankhulidwe kanga kosakaniza. Ndikalemba "zik" inkamaliza yokha kuti zikomo. Inkadziwa nsima, inkadziwanso sadza, osafunsa kuti ndine wakuti. Tsopano ndikaganiza, m'nyumba mwanga muno ndi yokhayo yomwe inkandiyankha m'Chichewa. Yatsopanoyi imandikonza ngati mphunzitsi wa Chingerezi. Ndinalembera mlembi wa gulu lathu la maliro za manda, iyo n'kusintha kuti Amanda. Bamboyo anandifunsa kuti Amanda ndi mwana wa ndani ndipo wamwalira liti.

Zina ndazipezera njira. Mpira ndikumvera pa kawayilesi ka aneba. Tchaja ndikuyenda nayo m'thumba la jekete ngati chiphaso. Mapulogalamu ena ali ndi abale awo kuno, maina okha ndi osiyana. Munthu amazolowera, ndipo ndivomere kuti zithunzi zake n'zokongola, utsi uja watha.

Koma funso landikhala pakhosi sabata yonse. N'chifukwa chiyani ife, ana a anthu osamuka, sitinaphunzirebe kusamuka? Makolo athu anabwera ndi bulangete ndi kasutikesi, akuti zotsalazo adzazipeza pobwerera. Ife tikuchita zomwezo ndi mafoni. Timawerenga zomwe zawoloka, manambala ndi zithunzi, n'kunena kuti zotsalazo zili bwino komwe zili. Ndi angati mwa inu amene muli ndi liwu la mayi anu, pemphero la shehe wa kumzikiti kwanu, kapena nyimbo ya pamaliro a bambo anu, m'kafoni kamodzi kosweka galasi, osati kwina kulikonse?

Loweruka linakwana. Mukombi yonse ya ku Chegutu ndinkakonza bodza. Ndinganene kuti batire yatha. Ndinganene kuti netiweki yavuta, pakuti nkhalambayo sidziwa kuti uthenga wosungidwa sufuna netiweki. Koma bodza lotere limafuna lina Loweruka lotsatira.

Ndinawapeza a Jailosi atakhala pampando wawo wachitsulo kuseri kwa nyumba, akuothera dzuwa. Tinalonjerana, anafunsa za apongozi awo ndi za Chisomo, kenako anatambasula dzanja.

"Muitane Nabanda alankhule."

"Bambo," ndinatero, "Nabanda kulibe. Ndamutaya ndine."

Ndinafotokoza zonse, foni yatsopano, Mai Tinashe, funso lija ndi yankho langa. Dzanja anatambasula lija analibweza pang'onopang'ono n'kuliika pabondo. Ndinamva chisoni chomwe sindinachimvepo chiikireni bambo anga m'manda. Ndikanakonda akanandikalipira.

"Ndiye unati dzimai," anatero.

"Ndinatero, bambo."

"Aikona, Filipo. Munthu wobadwira konkuno, wophunzira sukulu za konkuno, n'kugwa m'dzenje la ife obwera?" Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mphamvu. "Ine nditangofika, ndinamugawira fodya Mshona wina mumgodi, iye n'kuti tatenda, kuthokoza kwawoko. Ine ndinamva matenda. Ndinamufunsa kuti akudwala ndani."

Ndinaseka nawo, koma maso anga anali atadzaza. Iwo anapukuta kumaso ndi chikhatho n'kunena kuti madzi akatayika saoleka. Kenako anandiuza kuti ndisendeze mpando.

Anakweza mutu, n'kuchepetsa mawu ngati a mayi wokalamba, n'kuyamba:

"Achimwene, ndine Nabanda. Mukadali moyo? Paja munati mukukagula njinga n'kubwerera. Njingayo sinapezekebe? Mayi tinawaika tsidya la Nankhaka, kuseri kwa mkuyu waukulu, kumanzere mukamachokera kumudzi. Mukabwera musafunse nyumba yakale, inagwa. Mudzafunse kwa Msundudzi, mudzati ndinu mwana wa a Chikaonda. Akudziwani."

Sanaphonye liwu ndi limodzi lomwe. Anaima pomwe azakhali ankaima kupuma, ndipo pa njinga paja anasiya kampata, pomwe mayiyo ankaseka.

"Mawu ndili nawo," anatero. "Chomwe wanditayira ndi kuseka kwake, ndi tambala uja ankalira kumbuyo. Ameneyo anali tambala wa kwathu."

Ndinatulutsa foni yatsopano ija kuti ndiwajambule akubwereza, poti imajambula mawu bwino kwambiri. Anamva ndikuitokosa ndipo anandigwira dzanja.

"Ika pansi chimenecho. Mawa mwana wako akutumizira china, udzatinso dzimai. Uli ndi makutu. Ine ndinena, iwe ubwereze."

Ndiye tangoganizani, bambo wa imvi ngati ine, nditakhala pakhonde ku Chinengundu, ndikubwereza ngati mwana wa sukulu. Tsidya la Nankhaka. Kuseri kwa mkuyu waukulu. Apa m'pamene manyazi enieni anandigwira. Uthengawu ndinaudina Loweruka ndi Loweruka kwa zaka, koma atandifunsa kuti manda a agogo anga ali kumanja kapena kumanzere, sindinadziwe. Ndinkaunyamula m'thumba, sindinaumvepo. Ndinkaganiza kuti poti foni ikudziwa, ndiye kuti inenso ndikudziwa.

Sanandilole kunyamuka mpaka nditaunena wonse popanda kukodwa. Nditalakwitsa n'kunena kumanja, anandimenya ndi chipewa pabondo, ati ndikufuna kukalira pamanda a eni ake. Pomaliza anandilola kuwajambula, koma anati zimenezo ndi zokometsera chabe.

Pobwerera mukombi ndinalemba maina aja m'foni yatsopano kuti ndimutumizire Chisomo. Foniyo inakana Nankhaka, inakana Msundudzi, inkangondipatsa mawu a Chingerezi omwe sindinawapemphe. Ine n'kubweza, iyo n'kusintha, ine n'kubwezanso, mpaka tikudutsa minda ya pakati pa Chegutu ndi Kadoma inagonja. Tsopano ndikalemba "Nan" imamaliza yokha. Kani nayonso imaphunzira, bola wina aumirire kuilankhula.

Chisomo anayankha m'Chishona, kufunsa kuti Nankhaka ndi ndani. Ndinamuuza kuti si munthu, ndi mtsinje, ndipo akadzabwera pa Khirisimasi ndidzamukhazika pampando, ine ndinena, iye abwereze.

Kuseka kwa azakhali kwapita, ndipo kwapita ndi pakamwa panga. Palibe pulogalamu ya mtundu uliwonse yomwe ingakubweze.

Nanga inu, foni yanu atakufunsani lero kuti aidzime, n'chiyani chili mmenemo chomwe mungachinene pamtima?