Handibuleki ya Che Bwanali

Ndikakumbukira Che Bwanali, ndimamva fungo la girisi losakanikirana ndi la nsomba zouma za ku Chiuta, zimene ankanyamula pa kapikapu kawo kobiriwira kupita nazo ku Liwonde. Nyumba yawo inali kuseri kwa yathu ku Nsanama. Sankaseka ndi ana, nafenso sitinkawakonda.

Ndili Sitandade 6, anatitulutsa m'kalasi atsikana khumi ndi awiri kuti tikavine pa msonkhano wa chipani ku Balaka. Galimoto yotinyamula inali ya Che Bwanali. Sanawapemphe, anangowauza.

Tinawapeza atagona pansi pa galimotoyo, mateyala akutsogolo atawatsekera ndi miyala. Dzulo lake anali atasintha mapadi a buleki, koma handibuleki inkangokwera mpaka kumapeto, galimoto n'kumasendera ndithu.

"Mangani waya wakewo tizipita," anatero atcheyamani a m'dera lathu.

"Iyayi," anayankha Che Bwanali osatulutsa mutu. "Ndikangokoka waya, mabuleki akumbuyo azikhula njira yonse. Akatentha, pamtsetse sagwira. Ndiyambe kaye m'madilamu a mateyala akumbuyo."

"Ndiye msonkhano udikire inuyo? Khadi muli nalo, Che Bwanali?"

Dzanja lakuda ndi oyilo linatuluka pansi paja litagwira khadi la chipani, kenako linabwereranso.

"Ana a eni awa," anatero. "Ndikawagwetsera m'chigwembe, amayi awo sabwera kwa inu. Abwera pakhomo panga."

Anatuluka pansi paja. Anakweza galimoto pa jeke, anamasula waya uja, kenako ndi sikuludiraiva anayamba kutembenuza kachitsulo ka mano kuseri kwa dilamu, dzino limodzilimodzi, uku akuzunguza teyala ndi dzanja, khutu lili pafupi, mpaka linayamba kukhula pang'ono, n'kubweza mano awiri. Mbali inayo chimodzimodzi. Anaponda buleki kangapo, ndipo pomaliza penipeni m'pamene anamanga waya. Atakoka handibuleki, inalira kanayi n'kuima. Anachotsa miyala ija, galimoto osasuntha.

Dzuwa linali litafika pamutu. Ku Balaka tinapeza magule a chigawo chathu atadutsa kale. Ine ndinakwiya, chifukwa mabanzi amene anatilonjeza anali atatha.

Tinabwerera pa lole ina. Che Bwanali anatsala komweko m'manja mwa anyamata a chipani. Anatulukira patatha milungu itatu, mutu wometedwa mpala, chala chimodzi chosapindika. Za kumeneko sananenepo kanthu, ife sitinawafunse, ndipo mwa makolo a atsikana khumi ndi awiri aja sindinaone ndi mmodzi yemwe akupita kukawathokoza. Nanenso sindinapite.

Sukulu ndinasiyira Fomu 2, ndipo zambiri za m'mabuku ndinaiwala. Koma lero ndikakwera matola ndimatchera khutu dalaivala akamakoka handibuleki. Ikalira kupitirira kasanu ndi kawiri, ndimatenga katundu wanga n'kutsika. Amati ndine wamatama. Anene, ndiyenda wapansi.