Anganga ndi chingwe cha khoka

Anganga aamuna, bambo a mayi anga, anayamba kukoka khoka ku Lungwena asanamere ndevu. Pamene ine ndinkasiya sukulu, nditatukwanizana ndi ahedi, ndevuzo zinali zitayera mbuu, koma chingwe anali asanachisiye. Akaswali kumzikiti m'mawa ankalunjika kugombe, kudzimangirira kuchingwe m'chiuno, n'kumakoka chafutambuyo pamodzi ndi anyamata, uku akunyoza aliyense wofooka. Kwathu aliyense wogwira chingwe amapatsidwa kambuzi, tinsomba ta ndiwo. Wawo ankagawira amayi amasiye awiri, lero uyu mawa uyo, aliyense n'kumadziona ngati ali yekha.

Zinasokonekera amalume a ku Joni ataona chithunzi cha anganga pafoni, ali osavala malaya, nthiti pamtunda. Anati tikuwachititsa manyazi. Anatumiza sofa, wailesi yakanema ndi sola yake, ndi lamulo lakuti mkuluyo apume. Ulonda anandipatsa ine, poti njinga yamoto imene ndinkachitira kabaza inali ya amalumewo.

Ndinalonderadi. Anganga anakhala pasofapo ngati nkhuku yofungatira mazira, akumwa tiyi wa shuga wambiri n'kumakalipira anthu a m'mafilimu. Posakhalitsa mapazi anatupa, tulo n'kumawapeza masana dzuwa likuswa mtengo. Anzawo akugombe anabwera kudzawaona, kenako anatopa nazo. Amayi amasiye aja sanapondeko n'komwe.

Lachisanu lina kumzikiti anagwada, mphumi pansi, osathanso kudzuka. Anthu onse anaimirira, iwo ali chizolikire. Tinachita kuwazula awiri ngati chinangwa. Potuluka, ashehe ananena mwaulemu kuti sabata yamawa awaikira mpando wapulasitiki kumbuyo, kumene amaswalira okalamba.

"Mpando?" anatero anganga tili panjira. "Pamenepo pamakhala amene akudikira sanda ya maliro. Iwe, mawa undiperekeze kunyanja."

"Anganga, amalume andilanda njinga."

"Uziyenda wapansi. Miyendoyo anakupatsa yokongoletsera buluku?"

Madzulo amalume anaimba foni yoonana nkhope, monga mwa masiku onse, kuti aone ngati bambo awo ali pasofa. Nditawafotokozera za kumzikiti, anati atumiza njinga ya olumala. Pamenepo mutu wanga unayaka. Ndinawauza kuti bambo awo si chidole cha m'kabati, kuti sofayo abwere adzakhalepo okha ndi chimimba chawocho, ndi zina zimene mayi anandiletsa kubwereza. Anganga anaseka mpaka kutsamwa. Kutangocha, mlamu wa amalume anabwera kudzatenga njinga yamoto ija.

Kugombe tinapita wapansi, tikupuma pamthunzi uliwonse. Anyamata atationa anayamba kukuwiza.

"Abwana a pasofa afika! Tiwayalire kapeti?"

Anganga anawayankha ndi mawu oti munthu wongochoka kumene kumzikiti sayenera kuwadziwa. Tsiku limenelo anangogwira kunsonga kwa chingwe, thukuta lili kamukamu, koma sanachisiye mpaka khoka litafika pamchenga.

Pofika mwezi wa Ramadani mapazi anali ataphwa, ndipo anali atabwerera pakati pa mzere. Ine ndinkakhala kumbuyo kwawo pachingwe chomwecho, poti ntchito ina ndinalibe. M'mawa uliwonse ankacheuka n'kundifunsa ngati ndikukoka khoka kapena ndikuyanika zovala.