Khadi la Sellah ndi agalu amene alibe

Sitolo yaikulu ija ya ku City Centre satsegula ngati Sellah, mwana wa mlongo wanga, sanafike. Chabwino, ndanama, koma pang'ono pokha.

Sellah amagwira ntchito yam'nyumba ku Area 47. Makala atamutopetsa, mtima wake unali pa chitofu chamagetsi, ndipo anamva kuti khadi la sitoloyo limasonkhanitsa mapointi otengera katundu. Chomuwawa chinali chakuti limalemba chilichonse chimene wagula, n'kumakutumizira mauthenga pafoni.

"Sitolo indidziwe kuposa amayi anga?" anatero.

Ndiye atatenga khadilo, anayamba kulibwereketsa kwa alonda, kwa osamalira maluwa, kwa abwana ake omwe. Mapointi anakwera, sitolo inasokonezeka mutu. Mpaka lero imakhulupirira kuti Sellah ali ndi agalu atatu, mapasa ndiponso ndevu.

Tsiku limene anabwera atasenza chitofucho, ndinadzitama pamaso pa akazi anga: "Nanenso ndinathandiza. Lachisanu ndinagula sopo pakhadi lako."

Sellah anagwada mwaulemu n'kutulutsa foni.

"Amalume, sopo wake ndi wam'mabotolo sikisi, wozizira uja? Sitolo ikufunsa ngati mukufuna wina."