Mzamba Amene Boma Linkamuti Mwana

Theka la ana a mumzere wathu ku Sakubva, mumzinda wa Mutare, anafikira m'manja mwa Mai Sekesai. Anga atatu onse anawadula mchombo ndi iwowo. Anali mzamba wosachedwa kukalipa, ndipo mayi akayamba kukuwa ankangomuuza kuti, "Tsiku unkaseka lija unandiitana?" Tinkawaopa, koma matenda akayamba tinkathamangira kwa iwo omwewo.

Pamaso pa boma, mayi ameneyu anali mwana. Masiku amenewo mkazi wachikuda sankakula, kaya imvi zimere mpaka m'nsidze. Ukwati woyamba utatha, bambo awonso atamwalira, wowayang'anira anakhala mlongo wawo wamng'ono, Chenjerai, amene iwo anamubereka kumsana.

Nkhani inavuta atapezana ndi bambo wina, VaSimango, wowotcherera zitsulo kunjanji, munthu wofatsa ngati madzi a mumtsuko. Awiriwa ankakhala m'kachipinda kamodzi kobwereka, chifukwa khonsolo inkapereka nyumba kwa okhawo okhala ndi chikalata cha ukwati. Chikalatacho sichikanatuluka popanda Chenjerai kusaina.

Zaka zinayi Mai Sekesai ankakwera basi kupita kumudzi kukapempha, atanyamula shuga ndi buledi.

"Achemwali, munthu wa ku Beira ameneyu timudziwa bwanji?" ankatero Chenjerai, atapinda mwendo pampando wa malemu bambo awo. "Ndiganizebe kaye."

"Iwe, ndinakupukuta mamina ndi chitenje changa, lero ukuganiza chiyani?"

"Lamulo silinaone zimenezo, achemwali."

Ine ndimati VaSimango sanali vuto. Chenjerai ankangokomedwa nako kupemphedwa, poti kumudziko panalibe wina womugwadira.

Mu Disembala 1982 lamulo linasintha. Aliyense wokwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, mwamuna kaya mkazi, anakhala wamkulu wodziyimira yekha. Mai Sekesai anali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi. Anasankha tsiku la ukwati mu Januwale, natumiza uthenga kumudzi wongodziwitsa, ndipo ine anandipempha kuti ndikakhale mboni.

Titafika ku boma tinapeza Chenjerai watitsogolera, ali mu jekete, cholembera chatsopano chili m'dzanja. Za lamuloli anali asanamve, kapena anamva koma sanakhulupirire.

"Ndaganiza, achemwali," anatero mokweza kuti onse pamzere amve. "Ndavomera. Mukwatiwe."

Tinalowa tonse, kalaliki nafunsa mayina ndi zaka, kenako anatembenuza pepala kuti akwati asaine. Chenjerai anasendera pafupi.

"Inu ndinu ndani, bambo?" anafunsa kalalikiyo.

"Ndine wowayang'anira mayiwa. Ndisaine pati?"

"Palibe malo anu apa. Mayiwa ndi aakulu."

Chenjerai anayang'ana pepala lija, nayang'ana ife, cholembera chili m'mwamba. Zaka zinayi anasunga chilolezo chake, ndipo tsiku limene anabwera nacho panalibe wochifuna. Kunena zoona ine ndinakondwa, ndipo sindinabise. Koma Mai Sekesai nkhope inagwa, chifukwa mwana amene unamulera sumufunira manyazi pagulu, ngakhale akuzunze chotani.

"Chenjerai," anatero motsitsa mawu, "changa sichikulemba bwino. Tandibwereka chakocho."

Anawapatsa ndi manja awiri. Iwo analemba dzina lawo pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, mlongo wawo ataima kumbuyo akuyang'ana pansi.